A Bobi Akupita ku Lisboa

Ku Milange kuwoloka malire si nkhani. Munthu amadzuka ku Mozambique, n'kukagula sopo ku Limbuli, nsima yamasana n'kudzadyera kwawo. Akabaza amadutsa pa Muloza atasanja matumba a chimanga panjinga, osintha ndalama akuwerenga makwacha ndi mametikali maso ali kwina. Koma ulendo wa ambiri a ife umathera ku Mocuba kapena ku Blantyre. N'chifukwa chake tauni yonse inaima chilili itamva kuti galu wa kwa Dona akwera ndege.

Dona ndi mzungu wa ku Portugal amene wakhala akugwira ntchito ndi alimi a nandolo. Kontirakiti yatha, akubwerera kwawo. Mipando agulitsa, firiji asiyira wophika, koma galu akuti samusiya. Musaganize kuti ndi galu wamtundu wakunja. Ndi Bobi, wamakutu ogwa uja, amene anatoledwa kuseri kwa msika akulimbirana mutu wa mlamba. M'dera lino mulibe mnyamata amene sanamugendepo.

Ntchito yomukonzekeretsa inagwera mlonda wa pakhomopo, bambo wachikulire amene madzulo aliwonse amatipatsa lipoti pabawo. Choyamba, dokotala wa ziweto anabaya Bobi kachipangizo kakang'ono ngati njere ya mpunga, kokhala ndi manambala 15. Akayendetsa makina pakhosi, manambala aja amatulukira pagalasi.

"Ine chiphaso changa chinapita ndi madzi a namondwe wa Freddy mu 2023," anatero mlonda akutakata nkhomo. "Mnzangayu chake chili m'thupi. Ngakhale Ruo atasefukira, iye adziwikabe."

Kenako kunabwera katemera wa chiwewe. Patatha masiku 30 anamutenga magazi n'kuwatumiza ku South Africa kuti akaone ngati katemerayo wagwira. Mayiko a European Union salola galu wochokera dziko ngati lathu kulowa pasanathe miyezi 3 chitengereni magaziwo. Miyezi imeneyi inatikwanira kuti tionetse khalidwe lathu lonse.

Moni ndiye anayamba kusintha. Mayi wa mandasi, amene kale ankamuthira madzi otsukira mbale, anamveka m'mawa wina akuti, "Mwadzuka bwanji a Bobi?" Mwana wina atakuwa kuti "Choka!" analandira khofi kwa amayi ake. "Iwe, ulibe mwambo? Sukudziwa kuti akupita kunja amenewa?" Pofika sabata yachitatu, aphunzitsi ena anali atamukweza kufika pa Senhor Bobi.

Achibale nawo sanachedwe. Mabanja atatu anatulukira, lililonse likulumbira kuti make wa Bobi anali galu wawo, ndipo si bwino mwana kupita kutali chotero eni ake osapatsidwa kangachepe. Nkhani inafika kwa amfumu. Atamvetsera mbali zonse, amfumu anafunsa kuti, "Nanga chaka chija anagwira nkhuku zinayi za kwa abusa, mwini galu anasowa bwanji?" Mabanja onse atatu anakumbukira kuti asiya nyemba pamoto.

Panabwera nkhani ya bokosi. A ndege amafuna loti galu athe kuimirira mutu osagunda, kutembenuka ndi kugona momasuka, lokhala ndi mipata yolowera mpweya ndiponso kambale ka madzi komangirira pachitseko. Kalipentala wa pamsewu anati zimenezo n'zazing'ono. Anakhoma lake la mlombwa, n'kulipaka vanishi, n'kuikako zogwirira zonyezimira m'mbali. Tsiku limene ankalipereka panjinga, abambo anavula zipewa, ndipo amayi awiri anayamba kulondola pambuyo akufunsa kuti zachitika kwa yani. Dona anathokoza, analipira, n'kuitanitsa lapulasitiki ku Maputo.

Galu amayenera kuzolowera bokosi ulendo usanafike, choncho usiku uliwonse Bobi ankalowamo n'kugona pabulangete. Mlonda ankagona pakhonde, pachiguduli, kulondera nyumba ndi galu yemwe. Kukazizira mphepo yotsika m'phiri la Tumbine, ankasuzumira m'bokosimo n'kuona kuti malo a munthu mmodzi analipo.

Alangizi anachuluka, onse osakwerapo ndege. Wina anati amumwetse kachasu pang'ono kuti agone njira yonse. Wina anabweretsa mapiritsi a chimfine. Dokotala anakana zonsezo, nati mankhwala ogonetsa amatsitsa kuthamanga kwa magazi, ndipo m'mwambamo galu akhoza kugona osadzukanso. Agogo ena anangopukusa mutu.

"Mavuto onsewa n'chifukwa chouluka masana," anatero. "Kuno ouluka alipo. Amanyamuka usiku palichero, ndipo sitinamve kuti wina anafunsidwa satifiketi."

Sabata yomaliza pageti panali mzere. Mayi wina, amene mwana wake anapita ku Portugal n'kusiya kuimba foni, anabwera ndi kathumba ka ufa woyera ndi kalata, kuti aziike pakona pa bokosi. "Akakafika angomununkhiza, amupeza. Si galu kodi?" Mnyamata wina anabweretsa mapepala ake a sukulu mu envelopu, kuti mwina kumeneko kukufunika munthu woyendetsa agalu. Wosintha ndalama anadzafunsa ngati a Bobi agula kale mayuro, poti iye ali ndi mtengo wabwino wa achibale.

Ulemu unagwedezeka tsiku limodzi lokha, pamene sikelo inaonetsa kuti Bobi wapitirira makilogalamu 8 amene amalola galu kukhala ndi mwini wake kumipando. Ndiye kuti akakwera kunsi, kumene amaika masutikesi. Akabaza anaseka mpaka kugwira nthiti. "Kani ndi kumwamba komwe kuli okhala pakaliyala!" Koma wina atawerengera kuti malo a kunsiwo mtengo wake ukhoza kugula njinga zingapo, kuseka kunatha, moni anabwerera.

Satifiketi yomaliza ya zaumoyo imagwira ntchito masiku 10 okha, ndiye itangosainidwa panalibe zozengereza: galimoto mpaka ku Mocuba, kutsikira ku Quelimane, ndege ya ku Maputo, kenako ina ya maola oposa 10 mpaka ku Lisboa. Anthu anasonkhana kudzatsanzikana. Panali mawu a m'malo mwa achinyamata, mawu a m'malo mwa amayi ndi pemphero. Wolankhula womaliza anapempha a Bobi kuti asakaiwale kumudzi. A Bobi anayasamula.

Galimoto itangokhota, gulu linabalalika. Palibe anafunsa mlonda kuti mawa adya chiyani, chikhalirecho ntchito yake inathera pageti pomwepo. Pobwerera kunyumba, mayi wa mandasi anagenda galu wa oyandikana nawo, amene mwina ndi mphwake wa Senhor Bobi. Agalu otsalawo ambiri sanaonepo jakisoni. Alangizi a ziweto akalengeza katemera, makamaka chakumapeto kwa September pamene dziko lonse lapansi limakumbukira za chiwewe pa 28, eni ake amati atanganidwa. Chonsecho matendawa akangoyamba kuonekera mwa munthu, mankhwala palibe.

Ulemu wathu umathamangira amene wanyamula chikwama, otsala timawaponda. Inu amene munavala jekete kukaperekeza galu wa eni, mangani wanu chingwe mupite naye kukatemera. Ku Lisboa sakafika, koma akadzaluma mwana wa mnzanu mlandu udzathera pa kupepesa. Ndipo mukakumana ndi mlonda uja pamsewu, mupatseni moni. Akufuna ntchito.