Tsiku Limene Agogo Anasenza Ngongole za Anthu Onse

M'kompyuta mwanga munali fayilo imene ndinkainyadira kuposa satifiketi yanga. Dzina lake zothandiza.txt. Ndinkaunjikamo tizidutswa ta code totola apa ndi apo: kosinthira madeti, koyeretsera manambala a foni, kochotsera mayina obwerezabwereza. Mnyamata wophunzira ntchito akandifunsa kanthu, ndinkatsegula fayiloyo pang'onopang'ono ngati sing'anga akumasula thumba lake.

Pamwamba penipeni panali mzere uwu: SET SQL_SAFE_UPDATES = 0;

Amene anagwiritsapo ntchito MySQL Workbench akudziwa kuti ukafuna kusintha kapena kufufuta zinthu osatchula bwinobwino mzere umene ukufuna, pulogalamuyo imakana n'kukuonetsa Error 1175. Ine uthengawu unkandinyansa. Nditapeza kamzere kouzimitsira, ndinakakopera osafunsa kuti amene anamanga mpandawo ankaopa chiyani. Paja safunsa anadya phula.

Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito ku bungwe lina losunga ndi kubwereketsa ndalama ku Limbe. Lachisanu lina, itangodutsa 4 koloko, amayi a ku akaunti anabwera ndi kapepala. "Achimwene, agogo awa a ku Chiradzulu asintha nambala ya foni. Tawakonzerani." Amayiwa ndinkawaseka kumbali chifukwa fomu iliyonse ya membala ankaisunga m'makatoni, ena a sopo, ena a mafuta ophikira. Ndinali nditawauzapo kangapo kuti dziko linasamuka kale pa mapepala.

Maganizo anga anali pa mzere wa minibasi. Ndinalemba mizere iwiri, woyamba UPDATE members SET phone ndi nambala yatsopano, wachiwiri WHERE ndi nambala ya umembala wa agogowo. Kenako ndinakoka mbewa kuti ndisankhe zonse, n'kudina kachizindikiro ka mphezi. Dzanja linali litathera pa mzere woyamba. Workbench imayendetsa zimene wasankha zokhazo, choncho WHERE uja anatsala panja ngati mwana wochedwa kusukulu. Pansi panatuluka uthenga wobiriwira. Ndinangoona mtunduwo, chiwerengero sindinawerenge. Ndinatseka kompyuta, ulendo.

Apa mudziwe zinthu ziwiri. Choyamba, UPDATE wopanda WHERE amasintha mizere yonse ya m'tebulo, ndipo MySQL imasunga zosinthazo pompopompo chifukwa autocommit imakhala yoyatsa kuyambira pachiyambi. Chachiwiri, ine ndemwe ndinali nditalemba ntchito ya cron yotumiza uthenga wokumbutsa ngongole kwa mamembala Lolemba lililonse 6 koloko m'mawa. Lolemba lotsatira ntchitoyo inayenda bwino kwambiri. Sinaphonye ngakhale munthu mmodzi, kungoti anthu onse tsopano anali ndi nambala imodzi.

Cha m'ma 10 agogo aja anafika pa ofesi atamangirira foni pansonga ya chitenje, ikulirabe. Anakhala pansi n'kuiika patebulo la bwana ngati akupereka nkhuku yodwala. "Ana anga, ine ndinangobwereka ya matumba awiri a feteleza. Nanga ya galimoto, ya chigayo, ya malata izi ndinatenga liti?" Anati mdzukulu wawo anawawerengera mauthenga mpaka anatopa, ndipo akafufuta khumi ankalowa ena makumi awiri. Anali atauza kale ankhoswe kuti akamangidwa, mbuzi zisagulitsidwe zonse.

Bwana ananditembenukira. "Bambo, bwezerani za Lachinayi." Ndinayankha molimba mtima kuti backup imachitika usiku uliwonse. Ndinatsegula foda, ndipo mafayilo analipodi, ofoledwa bwino ndi madeti awo. Koma iliyonse inali yopanda kanthu m'kati. Miyezi itatu m'mbuyomo ndinali nditasintha password ya database, n'kuiwala kuisintha mu script ya mysqldump. Usiku uliwonse inkakanidwa pakhomo, n'kusiya fayilo yagwangwa yokhala ndi dzina lokongola. Script imeneyo nayonso inachokera mu zothandiza.txt, ndipo inalibe mzere wodandaula zikalephereka. Binary log, imene imalemba zosintha za mu database, ndinali nditaizimitsa ndekha kuti ndisunge malo pa disiki.

Ndinayesa kudzitonthoza pouza bwana kuti ngakhale a GitLab zinawaonekera pa 31 January 2017, pamene injiniya wawo anafufuta database yolakwika, njira zawo za backup n'kupezeka kuti sizikugwira, mpaka anataya ntchito ya maola pafupifupi 6. Bwana anandifunsa ngati a GitLab amenewo ndi amene adzabweze ndalama za mauthenga. Ndinakhala chete.

Amayi a ku akaunti sananene kalikonse. Anangodzuka, n'kuitana mlonda kuti awathandize kunyamula makatoni. Masiku anayi ndinakhala pambali pawo, iwo akuwerenga nambala pa fomu, ine ndikulemba. Ndikalakwitsa ankangoti, "Bwerezani, achimwene," mofatsa kwambiri moti kukanakhala bwino akanandilalatira.

Fayilo ija ilipobe, koma pamwamba pake pali zina. Ndisanasinthe kanthu ndimayamba ndi SELECT wokhala ndi WHERE yemweyo, ndione kuti ndi mizere ingati imene ikhudzidwe. Kenako START TRANSACTION, ndiyendetse UPDATE, ndiwerenge chiwerengero mokweza ngati mwana wa sitandade 1. Chikakhala chimene ndimayembekezera, COMMIT, chikandidabwitsa, ROLLBACK. UPDATE ndi WHERE wake ndimawalemba pa mzere umodzi kuti asasiyanenso. Error 1175 ndinamubwezera pa ntchito. Backup ndimaiyesa mwezi uliwonse poibwezera mu database ina, chifukwa nkhokwe imene sunasuzumiremo sungalumbire kuti muli chimanga. Ndipo Lachisanu ikakwana 3 koloko, manja anga amakhala m'thumba.

Agogo aja tinawapepesa, bwana n'kuwalipirira ya minibasi kuchotsa pa malipiro anga. Potuluka anandiyang'ana n'kufunsa ngati ndine mnyamata wa makina uja. Nditavomera anati, "Mwana wanga, ukadzalakwitsanso, udzanditumizireko za anthu amene asunga ndalama."

Mwezi watha amayi a ku akaunti anapempha makatoni ena awiri. Ndinakawatenga ndekha ku golosale.