Shaki za ku Cocos zikundidikira

Pa chilumba cha Cocos palibe resitihausi, palibe golosale, palibe ngakhale mayi wogulitsa mandasi. Ogonapo ndi alonda a boma la Costa Rica okha, chifukwa malowa anawasandutsa paki mu 1978. Mlendo wofuna kubira m'madzi a kumeneko amagona m'sitima, kudyera m'sitima, kusamba m'sitima, masiku ngati khumi. Ulendo umenewu ndi umene ndikukonza ine, munthu woti ndikamawoloka mlatho wa mitengo kumudzi ndimayamba ndapempherera nsapato.

Njira yake ndaiwerenga mpaka kuiloweza. Kuchoka ku Lilongwe umauluka mpaka ku San José, ndipo ukadzera ku America amafuna viza ngakhale ntchito yako ili yongosintha ndege. Kenako galimoto mpaka padoko la Puntarenas. Pamenepo ndiye ulendo wangoyamba kumene: makilomita 550 a nyanja ya Pacific, maola okwana mpaka 36 sitima ikugwedezeka. Shaki zimachuluka nthawi ya mvula, Juni mpaka Novembala, yomwenso ndi nthawi imene nyanja imakalipa. Walira mvula walira matope. Odziwa amati mapiritsi a nseru uzimwa usanakwere, chifukwa m'mimba mukangoyamba chipolowe piritsi limabwerera limodzi ndi chakudya cha dzulo. Mapiritsiwo ndinagula kale. Pa bajeti yonse, mzere umenewu wokha ndi umene ndachonga.

Pali nkhani ya mapepala. Satifiketi yoyamba ya kubira, ya bungwe la PADI, imakulola kutsika mamita 18 okha, pamene shaki za ku Cocos zimakonda kuzungulira cha m'ma 30, ndiye pamafunika yachiwiri. Sukulu si vuto, ku Cape Maclear ndi ku Nkhata Bay amaphunzitsa, pakati pa mbuna zimene sizinadyepo munthu. Chovuta ndi mayeso olowera: usambire mamita 200 osapuma, kenako uyandame mphindi khumi. Kusambira kwanga ndi kuja tinaphunzira kudambo tikubusa mbuzi, manja akupalasa mwaluso pamwamba, phazi limodzi likuyenda pansi mwakachetechete. Ku Pacific phazi limenelo lidzasowa popondapo.

Malamulo akenso analembedwa ndi anthu opanda mantha. Ukamatsika, madzi amakupanikiza, ndipo nayitrojeni wa mu mpweya umene ukupuma amalowerera m'thupi. Ukatuluka mothamanga amasanduka thovu m'magazi ndi m'mfundo, munthu n'kupindika ndi ululu, mwina kufa ziwalo kumene. N'chifukwa chake umakwera pang'onopang'ono, ndipo ukafika pa mamita asanu umaima mphindi zitatu. Taganizani, abale anga. Pansi pako pakudutsa chinsomba chotalika kuposa chitseko, mtima ukuti thawa, buku likuti ima, uwerenge mphindi. Makolo anati kuona maso a nkhono n'kudekha, koma nkhono siluma. Zikavuta, chipinda chochizira matendawa chili kumtunda, maola 36 aja chobwerera, motero eni sitima salola munthu wopanda inshuwalansi ya obira. Ine ndili nayo ya maliro. Imalipira bokosi ndi galimoto mpaka kumudzi, za Pacific simunalembedwe.

Komabe pamene pali posalipira ndapita patsogolo kwambiri. Magalasi obirira amawalavulira mkati kuti asachite nthunzi, ndipo malovu ndili nawo okwanira sitima yonse. Zizindikiro za manja ndazidziwa, popeza pansi pa madzi mulibe kuyankhula. Kuimika dzanja pamutu ndiye kuti shaki. Zibakera ziwiri uku ndi uku kwa mutu ndiye kuti shaki ya mutu wa hamala, imene anthu amapitira ku Cocos. Ndimayeserera madzulo pakhonde, ndipo ana a aneba anasiya kudutsa pakhomo pathu. Chala chachikulu m'mwamba, chimene kuno timapatsana moni pamsewu, kumeneko ndi kunena kuti tiyeni titulukemo. Chimenecho ndikuona kuti ndidzachigwiritsa ntchito kuposa mlendo wina aliyense.

Malo otchuka kwambiri ndi Bajo Alcyone, phiri la pansi pa nyanja limene linatenga dzina la sitima ya wofufuza za m'nyanja Jacques Cousteau. Umatsika utagwira chingwe chifukwa madzi amakoka, ukafika ugwire mwala, ukhale phee. Shaki zimabwera mazanamazana, zina n'kumapatuka kuti tinsomba ting'onoting'ono tizichotse tizilombo pakhungu, ngati madoda pamzere wa kometa tsiku Loweruka. Chodabwitsa n'chakuti shaki za mutu wa hamalazi ndi zamanyazi, zimathawa thovu limene wobira amatulutsa. Ukamapuma mwabefu siziyandikira. Ndiye kuti ine, ndi mapumidwe anga a munthu wamantha, ndidzabalalitsa gulu lonse, azungu amene alipira ndalama zawo n'kutsala akujambula ine.

Za ndalamazo. Bedi losanjikizana m'kachipinda ka anthu awiri ndi madola zikwi zingapo, kupatula ndege, msonkho wa paki ndi kangachepe ka antchito a m'sitima. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndikachulukitsa pa foni manambala amatuluka ndi chilembo pakati. Ndinaganiza za banki mkhonde, poti msungichuma wake ndimagona naye nyumba imodzi.

"Ngongoleyo ndi ya chiyani, bambo?"

"Kukaona shaki, mayi."

"Anzanu akutenga ya feteleza. Shakizo mukagulitsa?"

"Ayi, kumeneko kuwedza n'koletsedwa."

"Mukadya?"

"Ayi."

"Ndiye muwoloke dziko lonse, musanze tsiku ndi theka, kuti mukaone ndiwo zimene simudya?"

Ndinawafotokozera za August Gissler, mwamuna wa ku Germany amene anakhala pa Cocos kuyambira 1889 mpaka 1908 akukumba chuma chimene amati chinabedwa ku Lima n'kukwiriridwa pachilumbapo. Boma la Costa Rica linafika pomupatsa udindo wa bwanamkubwa wa chilumbacho. Zaka zonsezo anapeza tindalama tagolide towerengeka, koma mkazi wake anamutsatira n'kukhala naye komweko, mvula ikuwakhuthukira chaka chonse. Mawu oti anamutsatira ndinawatchula kawiri.

"Ameneyo anali mkazi wake wa iyeyo," anatero mayi akunyumba, akutseka buku la ngongole. "Komanso mnzanuyo anatenga khasu. Inu mukutenga chiyani?"

Ndikutenga ufa. Ku Costa Rica amadya mpunga ndi nyemba ngakhale m'mawa, ndipo mwamuna sangalimbane ndi nyanja masiku khumi opanda nsima. Ndege imalola makilogalamu 23 pa chikwama. Ndawerengera kuti ufa ukalowa, zovala zobirira zitsala.

Mwayi wanga ndi woti sitima zololedwa kupita ku Cocos ndi zochepa, ndipo malo a nyengo ya shaki anthu amasungitsiratu kudakali miyezi yambiri. Kubawo akandifunsa kuti achimwene mukunyamuka liti, ndimapukusa mutu mokhumudwa n'kunena kuti chaka chino kwadzaza. Ena afika pondipepesa, ndipo mmodzi anandigulira Fanta.