Njinga ya batire pa Golomoti

Pa Golomoti, pomwe msewu wotsika ku Khwekhwerere umakumana ndi wa M5, akabaza anasiya kulimbirana makasitomala n'kuunjikana pa shedi ya mkulu wina wokonza njinga. Mnyamata wina anali atabwera ndi katoni yomwe achimwene ake anamutumizira kuchokera ku Joni. M'katimo munali gudumu lokhala ndi mota pakati, batire, chaja ndi mulu wa mawaya.

"Madala, ndimangireni izi panjinga yangayi. Ndatopa n'kupalasa, mawa ndikwere phiri osatuluka thukuta."

Madala aja katoniyo sanaipenye n'komwe. Anagwira njingayo, n'kufinya buleki yakutsogolo, n'kuikankha. Inangodutsa. Anawerama n'kutokosa timphira ta mabuleki ndi chala. Tinali titatha mpaka chitsulo kuonekera.

"Kukwera ukwera, mwana wanga. Nanga potsika uimitsa ndi chiyani? Chidendene?"

Anthu anafa nalo phwete. Mnyamatayo anati mabuleki ndi nkhani yaing'ono, timphira sitidula.

"Si timphira tokha," anatero madalawo. "Mabuleki a zitsulowa anawapangira liwiro la miyendo ya munthu. Mvula ikagwa, limu likanyowa, sagwira. Ndiye onjezapo mota, batire, iweyo ndi mayi wa dengu la tomato kumbuyo. Komanso taona foloko iyi. Mota ikamakoka imapotokola chitsulo chake pamene yamangidwapa. Popanda kachitsulo kolimbitsira, pakamwa pa foloko pamayasama, gudumu n'kuchoka uli pa liwiro."

Aphunzitsi ena opuma pantchito, omwe ankadikira minibasi ya ku Salima, anapempha kuona gudumulo. Anavala magalasi n'kuwerenga zolembedwa pamotapo.

"1000W. Achimwene, iyi si njinga yakapalasa ayi. M'maiko a ku Ulaya, njinga ya magetsi imawerengedwa kuti ndi yakapalasa ngati mota yake sipitirira 250W, ndipo imasiya kuthandiza liwiro likafika makilomita 25 pa ola. Iyeneranso kukoka pokhapokha munthu akupalasa. Ikaposa apo, amaiika m'gulu la njinga zamoto."

"Ndi kwa azungu kumeneko, aphunzitsi. Kuno ndi ku Dedza."

"Fupa la ku Dedza limathyoka chimodzimodzi," anayankha aphunzitsiwo. "Ndipo kwathu kuno njinga yamoto imafuna nambala, laisensi, inshulansi ndi chipewa. Wapolisi akakuona ukumupitirira miyendo ili duu, osapalasa, ukamuuza kuti wakwera chiyani?"

"Ndimuuza kuti ndi mphepo ya kunyanja," anatero kabaza wina, anzake n'kumuombera m'manja.

Mayi wina wogulitsa mandasi, yemwe nthawi yonseyi anali chete, anafunsa za batire. "Kodi chinthuchi uzikatchajira kuti, mwanangu?"

"Kunyumba, mayi. Usiku ndikamagona."

"M'nyumba ya udzu ija? Ana ali momwemo?"

Apa mpomwe aphunzitsi anakhala pansi, minibasi ikudutsa osaiimitsa. Anafotokoza kuti batire ya lithium ikaphwanyika, ikatenthedwa kwambiri, kapena ikatchajidwa ndi chaja cha mphamvu yosiyana ndi yake, imayamba kudzitenthetsa yokha mpaka kuyaka. Moto wake suzima ndi ndowa imodzi ya madzi, umatha kuyambiranso, ndipo utsi wake ndi wapoizoni. Anati ku London, kuyambira mu Malichi 2025, njinga za magetsi zosapindika anaziletsa m'sitima zapansi panthaka, ndipo zomwe zinkadetsa nkhawa kwambiri ndi zongosinthidwa ngati iyi.

"Osapita kutali," anawonjezera, akuloza ndi chibwano. "Sola ya JCM pompano pa Golomoti, ya mamegawati 20, inayamba kugwira ntchito mu 2022 ndipo ili ndi mabatire osungira magetsi. Amenewo ali ndi zoziziritsira komanso akatswiri owayang'anira. Yakoyi uiimika pa dzuwa la Okutobala kuyambira m'mawa mpaka madzulo, kenako ukaigoneka pafupi ndi mphasa."

Madala anatenga batireyo n'kuitembenuza uku ndi uku. Anainunkhiza, anaisisita kuti amve ngati yatupa penapake, n'kufananiza manambala a pachaja ndi a pabatire. Onse anali 48V.

"Iyi ndi yabwinobwino. Koma tsiku lomwe idzatupe, kapena kutentha mpaka dzanja kulephera kuigwira, usadzabwere nayo kuno kuti ndiisegule. Uzitchaja masana, pa simenti, pamthunzi, uli maso. Osatchajira pakhomo potulukira, ndipo chaja chobwereka ayi."

"Ndiye mundimangira?"

"Ndimanga. Koma tiyamba ndi mabuleki, kenako foloko, sipoko zonse zakumbuyo, nyali ndi belu. Mota pamapeto, ndipo liwiro ndilitsitsa. Ukakana, pita nayo kwina. Sindifuna adzandilozere chala kuti wagonekedwa ku chipatala cha Mua uja anamumangira ndi uyu."

Mnyamatayo anawerengetsa ndi zala, nkhope itagwa, n'kudandaula kuti ndalama ya zonsezi ikwana ya mbuzi. Komabe anakankhira njinga ija m'shedimo. Pofuna kudzitonthoza, anatembenukira kwa mayi wa mandasi.

"Ikatha, mayi, inu ndinu woyamba kukwera. Ulere mpaka ku Mtakataka."

"Zikomo, mwanangu," anatero mayiwo akuvundikira beseni lawo. "Koma uyambe wanyamula thumba la chimanga kwa mwezi wathunthu. Likamafika lamoyo, udzandiitane."