Khosi la msuweni wanga ndi waya wothetheka

Msuweni wanga wa pa Manjawira amadyera zoyimbira. Kukakhala chinkhoswe kapena ukwati, kuyambira ku Senzani mpaka ku Chingeni, mumupeza ali pakati pa masipika awiri, jenereta ikulira kuseri, kumutu atavala mahedifoni aakulu amene mlamu wake anamubweretsera kuchokera ku Joni. Mahedifoniwo amagona pa pilo. Mwini wake amatsamira jekete.

Tsiku lina pa chinkhoswe waya unayamba matama. Khutu lamanzere linkaimba bwinobwino, lamanja likungothetheka ngati mbuliwuli. Mnyamata anatulukira kuti akapendeketsa mutu n'kukweza chigongono, mawu ankabwerera. Anakhala choncho nyimbo zitatu za Lucius Banda. Achinyamata anayesa ndi sitepe yobwera ndi mahedifoniwo, basi onse khosi pendeke, chigongono m'mwamba. Pofika pa perekaniperekani bwalo lonse linali litapendekera kumodzi, ndi ankhoswe omwe. M'mawa mwake kunafika mayi wina.

"Achimwene, gule wadzulo uja dzina lake n'chiyani? Bambo akunyumba khosi lawauma, akudya nsima chammbali."

*

Agogo athu anapempha kuti nawonso alaweko. Tinawaveka. Anakhala duu, kenaka maso anatuluka.

"Ana inu, anulani ufa! Mvula!"

Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, phula la msewu wa M1 likuchita kunyezimira. Tinawauza kuti ndi waya. Anavula, n'kuyang'ana kumwamba, n'kuvalanso.

"Waya wakewo ndiye wa malata. Anulanibe."

*

Msuweni sakhulupirira zolipira munthu pa chinthu chimene ali nacho mano. Analuma waya, nausenda, n'kupeza timawaya titatu topyapyala ngati ndevu za chimanga: kofiira, kobiriwira ndi kamtundu wa kopa. Anapotokola kalikonse ndi kanzake, namanga ndi malegeni mpaka mfundo inakula ngati mbatata ya ku Tsangano. Atavala, zii. Ngakhale kuthetheka kuja kunapita.

"Mwaona," anatero, "phokoso lija ndathana nalo."

*

Tinathera kwa mkulu wina wokonza mafoni ndi mawailesi m'mphepete mwa msewu. Magetsi anali atathima, koma iye sanadandaule. Anaika msomali wa mainchesi sikisi pa mbaula, naugwira ndi pulayasi.

Munthuyu ntchito amaidziwa, pakamwa pokha ndi pomwe palibe buleki. Akumasula malegeni anatiphunzitsa kuti timawaya timeneti timakhala topakidwa utoto woletsa magetsi kudutsa, n'chifukwa chake kupotokola kokha sikuthandiza. Uyenera kuyamba wawaula nsonga ndi moto pang'ono, kupala mwaye, kenaka kuwotcherera ndi mtovu. Anatinso waya sufera pakati kawirikawiri. Umathothokera m'kati pafupi ndi jaki kapena polowera kukhutu, pamene umapindika tsiku ndi tsiku. Ukafuna kupeza bala, uyatse nyimbo n'kumaupinda pang'onopang'ono ndi zala kuyambira kujaki. Pamene pathetheke ndi pomwepo.

"Ndiye inu munaluma pati, bwana?"

Msuweni analoza pakati penipeni.

"Mwachita opaleshoni ya m'mimba munthu akudwala chala."

Anadula jaki yakale, naika ina. Anationetsa zigawo zake zitatu: nsonga ndi ya khutu lamanzere, kamphete kapakati ndi ka lamanja, thunthu ndi la waya wobwerera umene makutu onse awiri amagawana. Msomali utafiira anadontheza mtovu katatu, fungo la utomoni lili guu, nakulunga ndi tepi yakuda.

Pa mtengo ndi pomwe panavuta. Anati K3,000.

"Madontho atatu okhawo?"

"Madonthowo ndi K500. Yotsalayo ndi yomasula malegeni anu."

*

Tili pomwepo panafika mphunzitsi wa kwaya, nkhope ili gwa. Mahedifoni ake akuti ankalira ngati mafuta a chipisi, ndipo anali atawapempherera kale. Mkulu uja sanakhudze n'komwe waya. Anaona kuti jaki yaing'ono ya mamilimita 3.5 imalowa m'kachitsulo koikulitsa kufika pa 6.35, saizi ya pa mikisa, ndipo kachitsuloko kanali katamasuka. Anakapukuta ndi sipiriti, nakamanga kawiri. Mawu mbee.

"Zingati, achimwene?"

"Perekani ya sipiriti. Zinazo mapemphero anagwira kale."

*

Titafika kunyumba, msuweni anapeza kuti gitala amene ankamveka kumanzere wasamukira kumanja. Anabwerera ali moto.

"Mwasemphanitsa mawaya!"

Mkulu uja sanadzutse ndi mutu womwe. "Valani chotembenuza, bwana. Kapena muwavale momwemo, inuyo muyang'ane ku Balaka."

*

Mahedifoni anagwira ntchito sabata ziwiri. Chimene tinaiwala n'chakuti mmisiri uja ankakulunga tepi akudya usipa wokazinga ndi dzanja lomwelo. Usiku wina foni yanga inalira, netiweki ikudukaduka.

"Asuweni, kwachitika zoopsa. Khoswe wadya waya!"

"Mwati ndani?"

"...khoswe! Wadya wonse, wangosiya jaki!"

"Pepani kwambiri," ndinatero. "Koma ndi akuchimuna kapena akuchikazi?"