Duwa lokonda umphawi linafera kwa mphawi

Mlandu wonsewu ndi wa mlamu wanga wa ku Ntaja. Atabwera kuchokera ku Joni, ena anawagawira mabulangete ndi mafoni, ife anatiponyera sopo mmodzi. Mayi a kunyumba atasambira sopoyo anatuluka m'bafa akununkhira ngati mkazi wa nduna.

"Fungo limeneli ndi la lavenda," anatero. "Amuna anzanu amadzala pakhomo."

Mawu oti "amuna anzanu" ndi amene anamangitsa theka la nyumba za malata m'Balaka muno. Loweruka lake ndinakwera minibasi wa ku Liwonde, kumene mnyamata wa mbande anandigulitsa kamtengo kotuwa m'chubu pa mtengo wa tambala wamkulu. Anati kumwera kwa France, ku Provence, amakalima minda yathunthu ngati mmene timalimira thonje kuno. Anatinso kamathamangitsa udzudzu ndipo kamagonetsa tulo. Ine amene ngongole zimandidzutsa 3 koloko usiku, ndinalipira osanenerera.

Mlendo wochokera ku France sungamugoneke pamchenga. Ndinamusankhira makande akuda bii a kuseri kwa nyumba, aja amakuvula silipasi mvula ikagwa. Ndinathira manyowa a mbuzi ndowa yodzadza, n'kuwonjezera dzanja la Urea amene ndinatapa m'thumba la makuponi mayi atapita kuchigayo. Madzi, kheni m'mawa, kheni madzulo. Pamjigo ndinkakhala mwamuna ndekha pamzere, mpaka amayi anayamba kundisungira malo n'kumandiuza za ena. Tomato wa mayi ankafota pambali, akundiyang'ana ngati mwana wopeza.

Ndinamanganso mpanda wa minga poopa mbuzi. Tsiku lina imodzi inalowa ndithu. Inanunkhiza, inayetsemula, n'kutuluka. Mbuzi ya ku Balaka, imene imadya jumbo ndi makatoni, inakana katundu wanga! Zinandiwawa kuposa ikanangodya.

Masamba atayamba chikasu ndinati ndi ludzu, ndinawonjezera kheni yachitatu. Mvula ya Febuluwale inamaliza ntchito imene ndinayamba. Nditakazula, mizu inali yowola, fungo lake losiyana kutalitali ndi sopo uja.

Aphunzitsi opuma ntchito oyandikana nafe anabwera kudzapepesa maliro.

"Achimwene, mwakapha nokha," anatero atagwira kamtemboko. "Kwawo n'kumapiri a miyala a kufupi ndi nyanja ya Mediterranean, kumene nthawi yotentha mvula imasowa. Kamafuna dzuwa la tsiku lonse, ndipo ilo kuno tili nalo lotaya. Kamafuna dothi la mchenga losasunga madzi, ndi laimu pang'ono ngati wa ku Chenkumbi. Feteleza ayi. Kuthirira, pokhapokha dothi litauma gwa. Mukanakadzala mumphika wobooka, n'kukalowetsa pakhonde m'dzinja. Mukanakaiwala, bwenzi kali moyo."

Chifundo chinapha nkhwali, changa chinapha tambala wathunthu. Duwa lokonda njala ndi ludzu linafika pakhomo pamene zonsezi timagona nazo, koma linafa ndi kukhuta.

Mayi anangoti, "Mukanakasamala mmene mumandisamalira ine, bwenzi katachita maluwa."

Usiku umenewo udzudzu unabwera ngati wamva uthenga. Apongozi, amene anali atabwera kudzacheza, anadzuka mwakachetechete, anapita kuseri kwa bafa n'kuthyola mpungabwi. Anauika pamakala, utsi unafuka, nyimbo za m'makutu zinatha. Mpungabwi womwe uja ndakhala ndikuulima ndi khasu chaka ndi chaka, ndikuutukwana, iwo n'kumameranso. Fodya wako ndi uyo ali pamphuno.

M'mawa mwake ndinaima n'kuuyang'ana mwachikondi. Ndinaona kuti ukuoneka wofooka pang'ono, wofunika timanyowa ndi timadzi. Ndinafunafuna kheni nyumba yonse. Mayi anaitsekera kuchipinda, kiyi anamangirira pachitenje.