Tsiku Limene Gombe la ku Chembe Linagulitsidwa

Ku Chembe, kuja alendo amakutchula kuti Cape Maclear, nyuzipepala imafika mwa apo ndi apo, ndipo ikafika ntchito yake ndi kukulungira usipa wokazinga. Koma musaganize kuti anthu ake ndi otsalira pa nkhani. Mudzi umenewu uli ndi atolankhani ochuluka kuposa a ku Blantyre ndi ku Lilongwe mutawaphatikiza, kungoti salandira malipiro ndipo palibe wowafunsa kuti nkhaniyo aitenga kuti.

Nkhani zoyamba zimatuluka mbandakucha, amayi akatsikira kunyanja ndi mabeseni a mbale ndi mapoto. Pamenepa ndi pomwe mumamva amene sanagone kunyumba, amene walowa tambala atalira kale, ndi khomo limene usiku kunamveka mapoto akuuluka. Dzuwa likakwera, nkhani za chuma zimachokera pa thandala, poyanika usipa. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa chigoba cha usipa unakwera akuluakulu a ku Reserve Bank asanapinde n'komwe chikalata chawo. Mukadandaula kuti, "Mayi, kodi usipawu umachokera ku America?" amakuyankhani osatukula mutu: "Nanga injini ya boti imayendera phala, bambo?" Mumangotulutsa ndalama mwakachetechete.

Masana ndi nthawi ya madoda a pabawo, amene ntchito yawo ndi kutanthauzira zomwe amayi atola m'mawa. Nkhani zakunja zimabwera ndi anyamata a kabaza. Zakunja tikunenazi ndi za ku Monkey Bay: ngati pafilingi siteshoni pafika mafuta, ngati Ilala yanyamuka kapena ili m'manja mwa amakaniko. Sitima imeneyi yakhala ikuyenda panyanjayi kuyambira 1951, ndipo palibe mdala wa pabawo amene sanaiwongolereko, malinga ndi kunena kwake.

Tsono tsiku lina cha m'ma 9 koloko m'mawa, kunatsika panjinga yamoto bambo wina wovala chivesiti chonyezimira, m'manja muli tepi yoyezera, kope ndi zikhomo zinayi. Anayamba walonjera kwa amfumu monga mwa mwambo. Kenaka anapita chakumtunda kwa gombe, anakoka tepi uku ndi uku, analemba m'kope, n'kukhoma zikhomo zija. Atamwa tiyi ndi mandasi awiri anakwera njinga n'kubwerera. Amene anaona zonsezi ndi mwana mmodzi yekha, wotumidwa kukagula sopo.

Mwanayo anakauza mayi ake kuti kuli bambo akuyeza mchenga. Mayiwo anasuzumira pampanda.

"Anzanga, mwamva? Akuti kwabwera anthu, akuyeza gombe."

"Gombe lonse?"

"Nanga angayeze theka?"

Pofika pa thandala, anthu aja anali atakwana asanu ndipo anabwera pa galimoto yoyera ya magalasi akuda. Pofika pamsika gombe linali litagulidwa kale, ndalama zake zitaperekedwa usiku m'chikwama. Paja akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa.

Madoda a pabawo anailandira nkhaniyo ndi manja awiri. Woyamba anati ndi hotela ya nsanjika zisanu ndi ziwiri, mwini wake mzungu wa ku Johannesburg. Wachiwiri, wa imvi mutu wonse, anapukusa mutu chifukwa cha umbuli wa anzake. "Inu ana, simudziwa kanthu. Mu 1949 ndege zochokera ku Mangalande zinkatera pamadzi pompano popita ku South Africa. Abwerera amenewo. Akuyeza bwalo." Zoti ndege zinkatera pamadzi ku Cape Maclear n'zoona ndithu, ndipo luso la mdalayu lagona pamenepo: amayala choona chimodzi pansi, pamwamba pake n'kumangapo mabodza asanu.

Wachitatu anakumbutsa kuti amishoni a Livingstonia anayamba kukhala pompano mu 1875, malungo atawapha ena n'kusamukira ku Bandawe mu 1881, ndipo manda awo akadalipo kufikira lero. Mwachidziwikire adzukulu awo abwera kudzalonda malo a makolo. Wachinayi anangonena mawu amodzi okha, motsitsa: "Mafuta." Poti boma linaperekadi ziphaso zofufuzira mafuta m'nyanjayi mu 2011, onse anagwedeza mitu, bawo n'kuima.

Dzuwa lisanapendeke nkhani inali italowa pa WhatsApp, pamodzi ndi chithunzi cha chikhomo chimodzi chojambulidwa mbali zitatu kuti zioneke zambiri. Mphwake wa munthu wina, amene ali ku Joni ndipo sanatumizeko ngakhale khobidi chimwalirireni agogo ake, anaimba foni mwaphuma: "Malume, musasaine kalikonse mpaka ine ndifike!"

Kenaka wina anatchula za chipukutamisozi. Apa mudzi unasintha nkhope. Usiku umenewo mwezi unaona anthu akugwira ntchito imene dzuwa silinaionepo. Kutacha, pafupi ndi zikhomo panali patamera nthochi khumi ndi ziwiri, mitengo ya mango itatu, ndi khola la mbuzi lopanda mbuzi. Bambo wina anaima pamalopo manja ali kumbuyo, nkhope yachisoni, n'kulengeza kuti agogo ake aakazi anaikidwa pakatikati penipeni pa zikhomozo. Chikhomo cha kumpoto chinapezeka chitayenda mapazi khumi kulowera kumene kuli nyumba ya mayi wina, ndipo mayiyo analumbira pali Mulungu kuti sadziwa kanthu, mwina ndi mwera. Mabanja awiri amene akhala akubwerekana mchere kwa zaka zambiri anayamba kutchulana mayina a makolo pa nkhani ya malire.

Kugolosale nako kunali malonda. Alamu athu ena anatenga shuga, mafuta ophikira ndi batire la tochi pangongole.

"Achimwene, lembani m'buku. Ndalama za gombe zikangotuluka, inu ndinu woyamba."

Mwini golosale analemba mosanyinyirika, poti naye anali atawerengera kale kuti hotela ikatsegulidwa azidzaperekako mazira. Anyamata aja otenga alendo paboti kupita nawo ku chilumba cha Thumbi kukaponyera nkhwazi nsomba anagawana maudindo: uyu manijala, uyu wolandira alendo, uyu woyang'anira bala. Mlonda yekha ndiye anasowa.

Patapita masiku, amfumu anaitanitsa msonkhano. Mwa nthawi zonse msonkhano wa 8 koloko umayamba 11 koloko ndi anthu asanu ndi anayi ndi galu. Tsiku limeneli anthu anadzaza bwalo nthawi isanakwane, ena atavala masuti a paukwati, ena atanyamula zitupa za unzika m'mapepala a pulasitiki. Bambo wa chivesiti uja anaimirira.

"Zikomo amfumu, zikomo amayi ndi abambo. Monga mwaona zikhomo zija, tikufuna timange chimbudzi cha anthu onse pafupi ndi gombe, chazipinda zinayi. Simenti ndi malata tibweretsa ife. Inu mutithandize njerwa, mchenga ndi kukumba dzenje."

Panapita kanthawi anthu akuyang'anana. Wina kumbuyo anakweza dzanja.

"Pepani bwana, mwati hotela ija iyamba liti?"

"Hotela iti, bambo?"

Dzanja lina linakwera. "Nanga pa zokambirana zathu zino, kalipo kam'botolo kapena ka alawansi?"

Atamva kuti palibe, amayi anakumbukira nthawi imodzi kuti anasiya nyemba pamoto. Abambo anayang'ana kunyanja n'kuona kuti mphepo yasintha, maboti akufunika kukokeredwa kumtunda. Mwini nthochi anafunsa ngati chimbudzi nacho chimalipira mbewu zowonongeka. Mdzukulu wachisoni uja anapempha mawu n'kunena kuti waganiza bwino, agogo aja anaikidwa ku Monkey Bay. Posankha komiti, udindo wa msungichuma anaupikisana anthu asanu ndi mmodzi, koma pofunsa amene ayambe kukumba Lolemba, aliyense anapezeka kuti ali ndi msana.

Musaseke kwambiri, chifukwa nkhani za kwathu kunyanja zimasankha miyendo yoyendera. Mtsikana wachizungu akayenda kawiri pamchenga ndi mnyamata mmodzi yemweyo, pofika madzulo ukwati wamangidwa, viza yatuluka, ndipo apongozi ayamba kusankha mtundu wa malata. Koma zilipo nkhani zina zimene aliyense amaziona ndi maso ake, osazitola. Neti yoteteza udzudzu imene mayi analandira kusikelo ikapezeka m'madzi ikukokolola tiana ta nsomba, atolankhani onse aja amakhala akuyang'ana kumwamba. Nyengo yotseka nyanja ikayamba pa 1 Novembala kuti chambo chiswane, mudzi womwe umamva kunong'ona kwa m'chipinda cha eni umagontha makutu onse awiri. Chambo chikamachepa, olakwa amapezeka msanga: mwera, maboti akuluakulu a makampani, asodzi a tsidya lina, ngakhalenso mfiti. Wa khoka la maso ang'onoang'ono ndiye satchulidwa, poti ndi mlamu wathu ndipo ndiwo za dzulo anatipatsa ndi iyeyo.

Chimodzimodzinso za chimbudzi. Kolera ya mu 2022 ndi 2023 inapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo maboma a m'mbali mwa nyanja, kuphatikizapo Mangochi, analira maliro ambiri. Likodzo nalo silinasamuke. Madzi omwewo ndi amene timatsukira mbale, kusambitsira ana ndi kuwonetsa alendo nsomba za mbuna, zija zinachititsa kuti malowa akhale paki mu 1980 ndi kulowa m'kaundula wa UNESCO mu 1984. Zonsezi timazidziwa. Vuto ndi lakuti nkhani ya mnzako imakoma pakamwa, pamene nkhani yofuna khasu lako imawawa m'manja.

Choncho inu a mabungwe, a zaumoyo ndi a zausodzi, lekani kuvutika ndi zimkuzamawu ndi zikwangwani. Mukafuna kuti uthenga ufike khomo lililonse la ku Chembe dzuwa lisanalowe, itanani mayi mmodzi pambali m'mawa kunyanja, muyang'ane uku ndi uku, mutsitse mawu, ndipo muyambe ndi kuti, "Izi ndikuuza inu nokha, musauze munthu." Koma za kukumba dzenje muzitchule kumapeto, anthu atakhala kale pansi ndipo mwaika munthu wamphamvu panjira yotulukira.