Khirisimasi ya Munthu Wopanda Bonasi

Munthu wopanda ndalama mu Disembala amafunika kukhala ndi mfundo. Wandalama safuna mfundo. Amangogula mbuzi ndi makireti a zakumwa, n'kunyamula ana ulendo wakunyanja. Koma ife enafe tikafunsidwa chifukwa chake sitikupita kulikonse, timayenera kuyankha mofatsa, nkhope ili yolemera ndi nzeru. Ena amati Khirisimasi inasanduka malonda. Ena amati tsiku lenileni limene Ambuye anabadwa silidziwika. Yanga ndi yapamwamba kuposa zonsezi. Ndimati banja lotsogola limakhala pakhomo n'kumaonera mafilimu a ku Hollywood a m'zaka za m'ma 1940, aja opanda mitundu, oti wovala suti yofiira ndi wovala yabuluu onse amaoneka ngati akupita kumaliro amodzi.

Banja langa silinavomereze kuti ndi lotsogola. Mphatso, mwana wathu womaliza, amangofunsa ngati TV yafa. Akuluakuluwo amafuna Home Alone, ija ya 1990, ndipo ndikawauza kuti kuiwala mwana pakhomo n'kukwera ndege si nthabwala koma nkhani yokanena kupolisi, amandiyang'ana mwachisoni. Mayi a kwathu okha ndi amene amakhala mpaka kumapeto, kwinaku akusankha mpunga, ndipo sakhalira chikondi cha luso la mafilimu ayi. Amakhala kuti andipezemo. Filimu iliyonse ine ndimadziona mwa mwamuna wamtali wopesa bwino amene dzina lake limayamba kulembedwa, iwo n'kumadikira wina alowe pakhomo kuti aloze ndi chala: "Abambo ake Mphatso, si inu awo?"

Amene sanaonerepo amaganiza kuti mafilimuwa ndi a sinowo, mabelu ndi nkhalamba yandevu zoyera yogawa zidole. Ayi ndithu. Anawapanga anthu amene anali atangotuluka mu umphawi waukulu wa m'ma 1930, ena ali mkati mwa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, ena itangotha kumene. Nkhani zake ndi lendi, ngongole, abwana, alendo osaitanidwa ndi mabodza a pantchito. Chomwe ndimawakondera n'chimenecho. Mafilimu a Khirisimasi amakono amayamba ndi mtsikana amene vuto lake n'lakuti zinthu zamuyendera bwino kwambiri mumzinda. Akalewa amayamba ndi munthu amene mawa ntchito ingamuthere.

Tengani Christmas in Connecticut ya 1945. Barbara Stanwyck akusewera ngati Elizabeth Lane, mlembi wotchuka wa m'magazini amene mwezi uliwonse amauza amayi a ku America za famu yake, mwamuna wake, khanda lake ndi zakudya zomwe waphika. Zoona zake n'zakuti ndi mbeta, amakhala pa lendi m'kanyumba ka pamwamba mu New York, ndipo kuphika sadziwa n'komwe. Maphikidwe onse amamulembera Felix, mnzake wachikulire wa ku Hungary yemwe ali ndi lesitilanti chapafupi. Tsoka likubwera pamene mwini magazini, bambo wonenepa wotchedwa Yardley, amene amadana ndi bodza, akulamula kuti msilikali wina wapamadzi wopulumuka pa sitima yomizidwa akadyere Khirisimasi kufamu ya mayi Lane. Iyenso abwanawo akudziitana. Ndiye pasanathe masiku pakufunika famu, mwamuna ndi khanda.

Famu ikupezeka kwa mwamuna wina amene wakhala akumufunsira n'kumakanidwa. Khanda akubwereka kwa mayi wogwira ntchito kufakitale, koma m'mawa mwake kukubwera khanda lina, tsitsi lina, ndipo dzulo anali wamkazi lero ndi wamwamuna. Woweruza amene waitanidwa kudzamangitsa ukwati mwakabisira akungobisidwa m'chipinda nthawi iliyonse mlendo akatulukira. Kenako abwana akupempha kuti aone ndi maso awo mayi wotchukayu akutembenuza chitumbuwa m'mwamba ndi chiwaya.

Filimu imeneyi ine ndimaionera thukuta likutuluka. Owerenga tsamba lino mukudziwa kuti ndakhala ndikukulangizani za kasungidwe ka ndalama, kaleredwe ka ana, ngakhale kadzalidwe ka tomato. Tsiku limene mkonzi wa nyuzipepala ino adzanene kuti akubwera kunyumba ndi mlendo kudzaona dimba langa, ndidzafunika kubwereka dimba, khasu, ndiponso ana omvera. Mayi a kwathu amati pa ana pokha asandithandize kubwereka, chifukwa aneba akudziwa kale amene ndi athu.

Ina imene dziko linaiwala mopanda chilungamo ndi It Happened on Fifth Avenue ya 1947. Nkhalamba yopanda pokhala, Aloysius McKeever, inatulukira kuti mpondamatiki wina dzina lake O'Connor amatseka chinyumba chake cha mu New York nyengo yozizira n'kupita kukakhala ku Virginia. Ndiye chaka chilichonse nkhalambayo imalowera pa thabwa logwedera la mpanda, ili ndi galu wake, n'kuvala zovala za mwini nyumba, kusuta ndudu zake, kudya za m'sitolo mwake. Mwini wake akamabwerera, iyo imasamukira ku Virginia kuja. Chaka chimenechi mtima wabwino ukuipweteka: ikulandira msilikali wobwera kunkhondo amene wathamangitsidwa pa lendi, msilikaliyo akuitana anzake, anzakewo akubwera ndi akazi ndi ana, zochapa zikuyanikidwa m'nyumbamo. Linalidi vuto la nthawiyo, asilikali ankabwerera kwawo n'kupeza nyumba kulibe. Pamapeto pake mwini nyumba weniweni akulowa m'nyumba mwake atadzisandutsa wosauka, chifukwa mwana wake wamkazi wamuchonderera, ndipo McKeever akumutuma kutsuka mbale n'kumamudzudzula chifukwa cha ulesi.

Ndinayesa kufotokoza kuti apa pali phunziro lozama la olemera ndi osauka. Mayi a kwathu anangokumbutsa za nthawi imene alamu anga anapita ku Joni n'kutisiyira makiyi kuti tizikathirira maluwa. Akuti maluwa anauma koma firiji inapepuka, ndipo pali chithunzi cha paukwati wina chomwe ndikuoneka nditavala jekete loti manja ake akundipitirira zala. Anawonjezera kuti McKeever ali ndi ulemu, amachoka mwini wake asanafike.

Nkhani ya filimuyi inali poyamba m'manja mwa Frank Capra, koma iye anaisiya n'kusankha kupanga It's a Wonderful Life ya 1946. Imeneyi lero ndi yotchuka kwambiri ku America, koma itangotuluka sinabweze bwino ndalama ndipo inayamba kuiwalika. Inapulumuka chifukwa cha kuiwala kwa mu ofesi. Mu 1974 eni ake sanakonzenso chikalata cha umwini, ndiye nyumba zoulutsira TV zinayamba kuionetsa Disembala aliyense mobwerezabwereza poti inali yotsika mtengo, mpaka anthu anaizolowera n'kuyamba kuilirira. Kuno njira imeneyo inatiphonya, chifukwa TV yathuyathu inayamba mu 1999, ndipo pofika pamenepo anyamata a m'mavidiyo sho anali atatiphunzitsa kale kuti filimu yopanda karate kapena mfuti ndi kubera anthu ndalama.

Mu It's a Wonderful Life, James Stewart akusewera ngati George Bailey, munthu amene moyo wake wonse ankafuna kuchoka m'tauni ya Bedford Falls koma anakodwa ndi kabungwe kobwereketsa ndalama zomangira nyumba komwe bambo ake anasiya. Tsiku loti mawa Khirisimasi, Uncle Billy, m'bale wa bambo akewo, amene amamanga tizingwe kuzala kuti asaiwale zinthu, akupita kubanki ndi madola 8,000 a bungwe, akuima kuti anyoze Potter, katapila wamkulu wa m'tauniyo, n'kukulunga ndalamazo mu nyuzipepala imene akumubwezera. Potter sakubweza, ndipo filimu ikutha osalangidwa, chomwe ndimati ndi chilungamo cha wolemba amene anakhalapo padziko lino. Sindikuuzani amene mayi a kwathu anamuloza. Ndingonena kuti ndalama za banki m'khonde amatuma Mphatso, wa sitandade 4, ine ndili pompo.

Chomwe chinakhudza ana anga pa filimuyi n'china. Ndinawauza kuti inajambulidwa ku California m'nyengo yotentha, ndipo sinowo yogwayo ndi thovu la mankhwala ozimitsira moto losakaniza ndi sopo ndi madzi. Kale ankagwiritsa ntchito makonifuleki opaka utoto woyera, koma ankachita phokoso akamapondedwa moti mawu a osewera samamveka. Ana anakhala chete nthawi yaitali. Kenako wamkulu anafunsa ngati anthu oponda makonifuleki amenewa anakalowa kumwamba.

Yomwe ndimaiika pamwamba pa zonse ndi The Shop Around the Corner ya Ernst Lubitsch, ya 1940. Ili m'kasitolo ka zikwama ndi timphatso mumzinda wa Budapest. Stewart yemweyo ndi Margaret Sullavan amagwira ntchito limodzi, amadana koopsa, osadziwa kuti makalata achikondi amene aliyense amalembera munthu wosamudziwa amapita kwa mnzakeyo. Mu 1998 anaibwereza ngati You've Got Mail, Tom Hanks ndi Meg Ryan akutumizirana imelo, koma anachotsamo mchere wake, womwe ndi mantha a munthu wolembedwa ntchito. Mwa Lubitsch aliyense amafika m'mawa n'kuima panja kudikira abwana a Matuschek adzatsegule, aliyense akupima nkhope ya abwanawo asanapemphe kukwezedwa malipiro. Muli bambo wina wabanja, Pirovitch, amene abwana akangonena kuti akufuna kumva maganizo enieni a antchito awo, amatembenuka mwakachetechete n'kukabisala kuchipinda chosungira katundu. Apa mayi a kwathu sanafunike kuloza. Ndinakweza ndekha dzanja.

Kumapeto kuli kachigawo komwe sindimakaseka. Malonda a usiku wa Khirisimasi ayenda bwino, abwana agawa maenvulopu a bonasi, sitolo yatsekedwa. Abwanawo banja lawo lasokonekera, kunyumba kulibe wowadikira, ndiye aima pakhomo n'kumafunsa wantchito aliyense mozungulira ngati ali ndi kopita. Onse ali nako. Watsala kamnyamata katsopano kotumidwa, Rudy, komwe kali kokha mumzinda, ndipo abwana akukatenga kukadya nako kulesitilanti yodula. Pamenepa ndimanamizira utsi wa mbaula. Chinanso n'chakuti m'moyo mwanga bonasi ndimaionera m'filimu imeneyi basi.

Remember the Night, ya 1940 yomweyo, ndi ya loya wa boma amene akuimitsa mlandu wa mtsikana woba chibangili mpaka Khirisimasi idutse, podziwa kuti nyengo imeneyi anthu oweruza mitima imafewa, kenako chikumbumtima chikumupweteka, akumulipirira belo, n'kupezeka wamutengera kwa mayi ake ku Indiana. Ndi yokoma, koma muli wantchito wachikuda amene anamulemba ngati chitsiru, ndipo ndikafika pamenepo ndimachita manyazi pamaso pa ana. M'mafilimu a nthawi imeneyo anthu a khungu lathu amatulukira atanyamula thireyi kapena masutikesi a wina, ndipo mu Holiday Inn ya 1942, momwe nyimbo ya White Christmas inaimbidwa ndi Bing Crosby, muli azungu odzipaka zakuda kumaso n'kumavina. Zimenezi sindiziikira kumbuyo. Ndimauza ana kuti aone, adziwe mmene ankationera, kenako tipitirize.

Chodabwitsa n'chakuti ambiri mwa mafilimuwa sanatuluke pa Khirisimasi. Ya ku Budapest ija ndi ya chibangili zinatuluka mu Januwale, ya ku Connecticut mu Ogasiti, ya McKeever mu Epulo. Ndimalemekeza anthu otulutsa filimu ya Khirisimasi mu Januwale. Ndi mwezi wa fizi ndi feteleza, ndipo munthu amakhala ndi mpata wolingalira bwino zomwe anachita mu Disembala.

Chaka chino ndinaganiza zotumikira mpingo ndi nzeru zangazi. Ndinali mu komiti yomanga tchalitchi chatsopano, ndipo ndalama zinaima pa mawindo. Ndinapereka ganizo loti tionetse filimu m'holo, pakhomo tizilipiritsa, ndipo ndinasankha The Bishop's Wife ya 1947, poti ndi ya bishopu amene akusowa tulo ndi ndalama zomangira tchalitchi chachikulu mpaka akupemphera kuti athandizidwe. Abusa anasangalala, n'kupempha kuti ndifotokozere komiti nkhani yonse. Ndinafotokoza mokhulupirika. Ndinati kumwamba kukutumiza mngelo, Cary Grant, wovala suti yosita bwino. Ndinati mngeloyo akudalitsa botolo la vinyo la pulofesa wina wokalamba kuti lisamathe ngakhale athire bwanji, ndipo apa madikoni awiri anafunsa ngati filimuyo ili ndi gawo lachiwiri. Ndinati mngeloyo akunyengerera mayi wolemera amene ankati apereke ndalama zomangira kuti azipereke kwa osauka, tchalitchi osamangidwa. Ndinati nthawi yonseyi bishopu ali kumisonkhano, mngelo akutenga mayi abishopu kukadya kulesitilanti, kukawagulira chipewa ndi kukasewera nawo pa madzi oundana, mpaka iye mwini akuyamba kuwakonda.

Amayi abusa anafunsa kuti filimuyo ingapezeke kuti. Abusa anatseka msonkhano ndi pemphero lalifupi kwambiri. Sabata yotsatira ndinalandira kalata yondithokoza chifukwa cha luso langa, yondidziwitsanso kuti andisamutsira ku komiti yoyala mabenchi.